Za Mpikisano wa Nchito Zitatu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za masewera amene ambiri a ife sitinawaone ndi maso, cinkana nchito zace zonse tizidziwa ciyambire ubwana wathu. Mwana wa kunyanja adziwa kusambira asanadziwe kuwerenga. Mnyamata wa kumtunda aba njinga ya atate wace naipalasa miyendo isanatalike. Ndipo za kuthamanga palibe munthu anapitira kusukulu. Koma kunja kuno kuli anthu amene anatenga zitatuzi nazilumikiza, kuti munthu asambire, aturuke m'madzi nakwere njinga, atsike nathamange, osakhala pansi ndi kamodzi komwe, wochi nayo osaima. Dzina la masewerawa ndi triathlon, ndiko kunena kuti mpikisano wa nchito zitatu. Ulipo wautali, ulipo waufupi. Ife tinena za waufupi, umene alowa anthu wamba: aphunzitsi, makalaliki, anamwino, atate ndi amai a m'mabanja, anthu osalandira malipiro pa masewerawa, koma oturutsa ndalama zao kuti aloledwe kukabvutika.

Kumene unayambira

Linali tsiku lacitatu, pa 25 September 1974, dzuwa litapendeka, pamene anthu 46 anasonkhana pa gombe la Mission Bay, mu mzinda wa San Diego ku Amereka. Anawaitana ndi amuna awiri a m'bungwe la othamanga la San Diego Track Club, maina ao Jack Johnstone ndi Don Shanahan. Cidziwitso cao cinanena za kuthamanga mailosi 6, kupalasa njinga mailosi 5 ndi kusambira mayadi 500, ndipo cinaonjeza kuti yense abwere ndi njinga yace. Mwa onsewo munalibe katswiri wa masewerawa, pakuti masewera ace anali kubadwa madzulo omwewo. Anapambana ndi Bill Phillips, m'mphindi 55 ndi masekondi 44; Johnstone mwini wace, amene pa unyamata anali wodziwa kusambira, anafika wacisanu ndi cimodzi. Afalansa anena kuti iwo anali nao mpikisano wotere kale m'zaka za 1920, m'mbali mwa mtsinje wa Marne. Sititsutsana nao, koma mbeu imene inamera ndi kufalikira ndi ya ku San Diego.

Pa anthu 46 aja panali banja lina lathunthu: John Collins, mkazi wace Judy, ndi ana ao awiri. Banja lomweli ndilo linayambitsa ku Hawaii, mu February 1978, mpikisano woopsa uja wa Ironman, wa kusambira makilomita 3.8, kupalasa 180 ndi kuthamanga 42. Anauyamba anthu 15, nautsiriza 12. Mwana ameneyu anamveka koposa kholo lace, kotero kuti ambiri akamva za triathlon aganiza za anthu okwawa pansi usiku. Umenewo tiusiya pambali. M'caka ca 1989, ku Avignon m'dziko la France, kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, limene lero dzina lace ndi World Triathlon. Ndipo m'caka ca 2000, ku Sydney, triathlon inalowa m'masewera a Olympic ndi muyeso wa mamita 1,500 m'madzi, makilomita 40 pa njinga ndi makilomita 10 a miyendo. Mukadula muyeso umenewu pakati mupeza mpikisano waufupi umene tiri kunena: mamita 750, makilomita 20, ndi makilomita 5.

Dzina lonyenga

Tidziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kumwetulira. Mamita 750 ndi monga kuyenda bwalo la mpira m'litali maulendo 7. Makilomita 20 mnyamata wa kabaza awatha asanalawe phala, munthu ali kumbuyo. Makilomita 5 amai awayenda popita kucigayo, thumba liri pamutu, mwana ali kumsana. Nanga cobvuta n'ciani? Akatswiri nao aonetsa ngati n'zacibwana: mu April 2018, pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, m'dziko la Australia, Henri Schoeman wa ku South Africa anatha zonse zitatu m'mphindi zosakwana 53. Munthu wamba wokonzeka bwino afuna ngati ola limodzi ndi theka. Ena acepetsako, ena apyolako.

Azungu anaupatsa mpikisanowu dzina la sprint, mau otanthauza liwiro la pafupi, longa la munthu wothawa njuci. Dzinali linyenga, pakuti palibe munthu athawa njuci ola ndi theka. Ndipo kunyenga kwace kuli apa: wolowa mpikisano wautali auopa, nakonzeka miyezi yambiri, koma wolowa waufupi audelera, nati, Ine ndinali wampira kusukulu, kameneka ndikatha ndi mphamvu zakale. Pamwamba pa izi, anthu wamba awagawa m'magulu a zaka zisanu zisanu, a 40 kufikira 44 paokha, a 45 kufikira 49 paokha, amuna kwao, akazi kwao. Lamulo limeneli n'labwino, cifukwa gogo sayesedwa ndi mdzukulu wace. Koma liutsanso matama mumtima wa mwamuna, poona kuti amene aima pambali pace ndi mnzace wa msinkhu umodzi, wa dazi longa lace.

M'madzi

Tiyeni titsate munthu mmodzi wotere, bambo wa zaka 46, m'mawa mwa mpikisano wace woyamba. Iye anaphunzira kusambira m'dziwe lomanga ndi simenti, la madzi oyera ndi ofunda, lokhala ndi mzere pansi womuongolera, ndi khoma loti agwire pakutha pa mamita 25 ali onse. Lero aima m'nyanja ya madzi obiriwira, osaona ngakhale dzanja lace. Ngati ali ku maiko ozizira wabvala cobvala ca mphira comuthina pacifuwa. Malamulo a World Triathlon acikakamiza pamene madzi azizira kosafika madigiri 16, naciletsa kwa ambiri pamene afunda kupyola madigiri 22. Lipenga lilira. Anthu makumi ambiri agwera m'madzi nthawi imodzi. Wina amponda paphewa, wina am'menya cidendene kumaso, magalasi ace alowa madzi, ndipo pofuna kupuma ameza funde. Khoma palibe.

Cimene cicitika m'thupi mwace pa mphindi zimenezi tiyenera kucimvetsa bwino. Madzi ozizira akakhudza khungu modzidzimutsa, munthu akoka mpweya osafuna, napuma mwaphuma mphindi imodzi, ziwiri kapena zitatu. Mtima uthamanga, mitsempha ya magazi ifinyika. Mantha ndi phokoso la mpikisano zionjezera moto pamenepo. Koma nthawi yomweyo nkhope ikamira m'madzi ozizira, munthu atagwira mpweya, thupi lilamula mtima kuti ucepetse liwiro. Cotero mtima ukhala ngati ngolo ya ng'ombe ziwiri, ina ikokera kum'mawa, ina kumadzulo. Aphunzitsi awiri a ku England, Michael Shattock ndi Mike Tipton, analemba m'caka ca 2012 kuti kulimbana kumeneku kungathe kusokoneza kagundidwe ka mtima. Kwa munthu wa mtima wabwino kupita msanga. Kwa wa nthenda yobisika ndi nkhani yina.

M'caka ca 2017 dotolo Kevin Harris wa ku Minneapolis ndi anzace anafalitsa ciwerengero ca zoopsa zimene zinagwa m'mipikisano ya triathlon ku Amereka kuyambira 1985 kufikira 2016. Anapeza anthu 135 amene anafa, kapena amene mtima wao unaima. Ndipo mwa iwo 90 zinawagwera posambira, nchito imene iri yaifupi koposa zinzace. Pa anthu 100 ali onse otere, 85 anali amuna, ndipo msinkhu wao wapakati unali zaka 47. Pa mitembo 61 imene madotolo anaiyesa, 27 inali ndi nthenda za mtima kapena za mitsempha yace. Sitinena izi kuti tikuopseni, iai. Pakuti pa anthu 100,000 olowa mpikisano, ogwa m'tsoka lotere safika awiri. Koma pa amuna a zaka 60 ndi kupyola, ciwerengero cikwera kufika pafupi 19.

Ife olemba mau ano tiri a msinkhu womwewo wa zaka za m'ma 40, ndipo powerenga ziwerengerozi sitinaone alendo. Tinaona anzathu, tinadzionanso tokha. Mwamuna wa msinkhu uno akumbukira mphamvu zace za zaka 20 ngati ndalama yosunga m'bokosi, osadziwa kuti ciswe cinalowamo kale. Akuru anati tsabola wakale sawawa. Ndipo bambo wa zaka 46 salowa m'madzi yekha: alowa ndi fizi ya ana ace, ndi cimanga ca caka camawa, ndi ukalamba wa mkazi wace.

Cifukwa cace wofuna kulowa ayambe wapita kwa dotolo, makamaka ngati ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi kapena ya shuga, ngati anamvapo kuwawa pacifuwa pokwera phiri, ngati anakomokapo, kapena ngati m'banja mwao wina anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono. Kenaka aphunzire madzi a panja tsiku lisanafike, ali ndi mnzace ndi bwato pambali, osati yekha. Inu a kunyanja muli ndi mwai pamenepa, pakuti funde simuliopa. Koma funsani asodzi malo opanda ng'ona ndi mvuu, ndipo musaiwale likodzo la m'madzi oima a m'bango. Pa tsiku lace alowe m'madzi lipenga lisanalire, anyowetse nkhope ndi khosi, thupi lizolowere. Aime kumbuyo kapena kumbali kwa gulu, ndipo lipenga likalira awerenge kufikira khumi, aphuma apite. Masekondi khumi amenewo adzawapeza pa njinga. Mpweya ukamthera, lamulo limlola kugwira bwato la oyang'anira napuma, malinga bwatolo lisamkokere kutsogolo. Zikabvuta agone cagada nakweze dzanja limodzi, adzamtenga. Zimenezi ziribe manyazi.

Cina cimene a m'dziwe la simenti sacidziwa ndi ici: m'nyanja mulibe mzere. Dzanja limodzi la munthu liri ndi mphamvu koposa linzace, motero wosambira wosakweza maso akhota pang'ono pang'ono ngati mbuzi ya pacingwe. Ayenera kuturutsa maso pamwamba pa madzi kawiri kawiri, naona cizindikiro coyandama cimene alinga. Wosacita cotero asambira mamita 900 pamene anzace asambira 750, ndipo palibe amene adzamuyamika pa oonjezawo.

Pakati pa nchito ndi nchito

Munthu wathu waturuka m'madzi. Wakhala cogona kotala la ola kapena kupyola, ndipo poimirira msanga magazi atsikira kumiyendo, mutu uzungulira, nayenda dzandi dzandi ngati wocokera ku mowa. Wochi iri kuwerengabe, pakuti nthawi yobvula ndi kubvala ilowa m'ciwerengero ca mpikisano. N'cifukwa cace ozolowera anena kuti kusintha ndiyo nchito yacinai. Ku England, pa mpikisano wa ku Blenheim Palace, nyumba yaikuru imene anabadwiramo Winston Churchill m'caka ca 1874, woturuka m'nyanja athamanga cokwera pafupi mamita 400 kuti afike pa bwalo la nyumbayo pamene pali njinga. Ambiri anena kuti citunda cimeneco ndico cowawa koposa zonse za tsikulo.

Pa bwalo losinthira njinga ziri mazana, zopacikidwa m'mizere yofanana. Wanzeru anayendamo kale m'mawa, nawerenga mizere kucokera pa cipata ca kumadzi, nasunga mumtima mtengo kapena mbendera yoyandikana ndi malo ace. Wopanda nzeru athamanga uku ndi uku, madzi ali cucucu, kufuna njinga yace ngati mai wotaya mwana pamsika. Lamulo la pamenepa n'lolimba: cisoti cikhale pamutu, lamba wace atamangidwa, munthu asanacotse njinga pa malo ace; ndipo sacimasula kufikira ataibwezera. Saloledwanso kukwera m'bwalomo. Aikankha ndi manja kufikira atapyola mzere wolembedwa pansi. Tiona kuti malamulo awa sanaikidwe kubvuta anthu: munthu wozunguzika mutu ndiye aiwala cisoti, ndipo ndiyenso agwa.

Njinga itenga ngati theka la nthawi yonse, koma za iyo tinena pang'ono, pakuti muidziwa. M'mipikisano yambiri ya anthu wamba n'koletsedwa kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akuphere mphepo. Uyenera kusiya mpata wa mamita 10 kapena 12, monga mwa lamulo la mpikisanowo, ndipo ukafuna kumpyola umpyole msanga. Pa njinga ndipo pa malo omwera madzi, cifukwa m'nyanja sunathe, ndipo pothamanga madzi akhutukira pacifuwa. Ciyeso cace n'cimodzi: munthu wapulumuka m'madzi, mtima wakondwa, mphepo imuomba bwino, napalasa ndi mphamvu zace zonse, kuiwala kuti miyendo yomweyo iri ndi ngongole yina kutsogolo.

Miyendo ya eni

Ngongoleyo aipeza pa phazi loyamba atatsika. Jack Johnstone, pokumbukira madzulo aja a 1974, anasimba kuti atatsika pa njinga nayesa kuthamanga, miyendo inali ngati si ya thupi lace. Zaka zonse zapitazi palibe woyamba amene analephera kumva cimodzimodzi. Cifukwa cace n'cakuti pa njinga munthu akhala wopindika m'cuuno, cishalo cimsenzera thupi, miyendo ingozungulira. Tsono mwadzidzidzi ayenera kuongoka, ndipo minofu yomwe ija isenze thupi lonse ndi kuligwetsa pansi phazi ndi phazi. Miyendo ilemera ngati mitondo, ndipo munthu ayesa kuti ali kukwawa, cinkana kawiri kawiri ali kuthamanga koposa muyeso wace.

Mankhwala ace si ena koma kuzoloweza. Kamodzi pa sabata munthu apalase, natsike, nathamange pomwepo mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kuti thupi lidziwe kuti kulemerako kutha. Pakuti kutha ndithu: pakapita kilomita imodzi miyendo ibwerera kwa mwini wace. Pa tsiku la mpikisano apepuze magiya pofika kumapeto a njinga, nayambe kuthamanga ndi mapazi afupi afupi. Amene anadziletsa m'madzi ndi pa njinga ayamba tsopano kupyola, mmodzi mmodzi, anzace aja anamsiya pa lipenga. Awapeza ali kuyenda, manja ali m'cuuno.

Za kunyumba

Tsono tinene za mbali imene ikhudza banja, pakuti masewerawa adya ndalama ndi nthawi. M'masitolo a ku maiko olemera muli njinga za mpikisano za mtengo woposa wa njinga yamoto. Koma lamulo lifuna njinga yoyenda bwino, ya mabuleki awiri ogwira, ndi cisoti. Za mtengo silinena kanthu. Pa makilomita 20 njinga yodula ipulumutsa mphindi zowerengeka, ndipo ife sitiona nzeru mwa bambo wogula mphindi zitatu ndi ndalama ya denga la nyumba. Aphunzitsi a masewerawa aika masabata 8 kufikira 12 a kukonzeka kwa munthu wodziwa kale kusambira ndi wa thupi lozolowera nchito, maora anai kapena asanu pa sabata. Maora amenewo sagwa kumwamba; acotsedwa pa nthawi ya munthu wina, ndipo kawiri kawiri munthuyo ndi mkazi wotsala ndi ana. Mwamuna ayambe wapempha, asangolengeza. Ndipo ngati wofuna kulowa ndi mai, bambo aphunzire kusambitsa ana ndi kuyang'anira mphika, osayesa kuti wacita cacikuru.

A Collins anathetsa mlandu umenewu pobwera onse anai. Lero mipikisano yambiri ilola anthu atatu kugawana nchito: wina asambira, wina apalasa, wina athamanga, napatsirana kacingwe kowerengera nthawi kamene amanga pa mwendo. Kwa banja loyamba kumene, njira imeneyi tiiyamika koposa, cifukwa yense atenga cimene adziwa, ndipo bambo wosazolowera madzi angathe kusiyira mwana wace wamkazi nyanja popanda kutaya ulemu.

Za msinkhu musade nkhawa, malinga musafulumire. Sister Madonna Buder wa ku Spokane, ku Amereka, wobadwa m'caka ca 1930, anayamba kuthamanga ali ndi zaka ngati 48, nacita triathlon yace yoyamba ali ndi zaka 52. Ndipo m'caka ca 2012, ali ndi zaka 82, anatsiriza Ironman ya ku Canada. Anthu azizwa ndi 82. Ife tiyang'ana zaka zinai zija za pakati pa kuyamba kuthamanga ndi mpikisano woyamba. Abale athu okhala ku Zimbabwe ali ndi mwai woona masewerawa pafupi, pakuti ku Troutbeck, m'mapiri a Nyanga, kwakhala kukucitika mpikisano waufupi wa Africa Triathlon Cup, pa malo okwera pafupi mamita 2,000, kumene mpweya ucepa ndipo madzi a m'damu azizira. Wofuna kudzalowa apite caka coyamba kukaonerera cabe, naime pafupi ndi poturukira m'madzi, naone nkhope za anthu.

Pa Mission Bay paja anayamba dzuwa litapendeka, ndipo mwezi wa September ku San Diego mdima sucedwa. Phillips ndi anzace a patsogolo anatsiriza kukali koyera, koma otsalira anali m'madzi ndi pa mcenga pamene kunada. Tsono amene anali ndi magalimoto anawatembenuzira ku gombe nayatsa nyali, kuti otsiriza aone pofikira. Ndipo anadikira kufikira womariza ataturuka.